NumPy, pandas ndi Matplotlib: Kodi zimasiyana pati?

Sabata yatha mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ndikufuna kuphunzira kusanthula manambala pa kompyuta ndi Python. Ena akuti ndiyambe NumPy, ena akuti pandas. Chabwino n'chiti?" Ndinamuuza kuti funso lakelo n'chimodzimodzi kufunsa msodzi wa ku Chembe kuti asankhe pakati pa bwato ndi chilimira. Zonse zimalowa m'madzi, koma chilichonse chili ndi ntchito yake.

Python ndi chilankhulo cha kompyuta chimene Guido van Rossum anatulutsa mu 1991. Library ndi malamulo amene anthu ena analemba kale, inu mumangowaitana ndi mawu oti import. Package ndi mmene library imamangidwira kuti muitsitse pa intaneti ndi pip. Anthu amasakaniza mawu awiriwa, musadandaule nazo.

Tiyerekeze kuti mukuyeza kutentha pasukulu panu kuno ku Mangochi mu Okutobala, tsiku lililonse masana.

NumPy ndi ya masamu. Mukalemba manambala anu mu list wamba ya Python n'kunena kuti [31, 33, 34] + 273 kuti mupeze ma kelvin, kompyuta ikana. Koma mukawaika mu array ya NumPy, 273 amawonjezedwa pa nambala iliyonse nthawi imodzi: 304, 306, 307. Ife a Physics timaikonda chifukwa cha zimenezi.

Nayo pandas, imene Wes McKinney anayamba kulemba mu 2008, ndi ya matebulo. Inamangidwa pamwamba pa NumPy, moti mukatsitsa pandas, NumPy imabwera nayo. Mphamvu yake ndi yakuti tebulo limodzi limasunga madeti, mayina a malo ndi manambala. Mukhoza kuika zoyeza za ku Monkey Bay ndi za ku Mangochi boma pamodzi, kenako n'kuifunsa avereji ya malo alionse.

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Lamlungu sukulu yatsekedwa, palibe anayeza, ndiye mpatawo umalembedwa NaN. Mukafunsa avereji kwa NumPy ndi mean, yankho likhala nan, kukuchenjezani kuti pali chosowa. Koma pandas imangodumpha tsikulo mwakachetechete n'kukupatsani nambala yooneka bwinobwino. Nambalayo ndi ya masiku 6, pomwe inu mulemba mu lipoti kuti ndi ya sabata yonse. Choncho musanakhulupirire yankho, werengani mipata ndi isna().sum().

Matplotlib, imene John Hunter anayamba mu 2003, ntchito yake ndi kujambula. Siwerengera avereji. Mumaipatsa manambala ochokera ku NumPy kapena pandas, iyo n'kukupangirani girafu yofanana ndi ija mumajambula pa graph paper.

Ndiye muyambire pati? Ngati muli ndi tebulo, yambani pandas. Ngati mukuwerengera fomula, monga ya pendulum, yambani NumPy. Matplotlib ibwere pomaliza. Bandulo ikakhala yochepa, Google Colab ili nazo kale zonse zitatu, simutsitsa kanthu.

Ntchito ya sabata ino: yezani kutentha masiku 7, siyani tsiku limodzi dala, pezani avereji ndi NumPy komanso ndi pandas. Lolemba mubwere ndi mayankho onse awiri, tidzakambirane kuti loona ndi liti.