Buku la woyang'anira siteji: musalembe windo

Kalabu ya zisudzo ikamakonzekera mpikisano wa ATEM, kapena sewero la tsiku la Chilembwe pa 15 Januwale, mnyamata aliyense amafuna kukhala John Chilembwe wa ku Mbombwe. Buku la woyang'anira siteji amangoponyera mwana amene wasowa gawo, nayenso amalilemba usiku woti mawa ndi ulendo. Masewero abwino a sukulu za kuno ku Chiradzulu ndawaona akugwa chifukwa cha ulesi umenewu.

Zofunika n'zochepa: kope lalikulu lachikuto cholimba, guluu, rula, pensulo ndi labala. Onjezanipo fotokope ya sewerolo pa boma kapena pa Njuli. Matani tsamba la sewero kumanja, kumanzere musiye poyera. Bolopeni ayi, a patironi asintha maganizo mawa lomwe.

Tsamba lakumanzereli ndi pamene ambiri amagwera. Poti mumayeserera m'kalasi, mwana amalemba kuti "Chilembwe aime pa windo, asilikali alowere ku bolodi." Tsiku la mpikisano mufika mu holo ya sukulu ina. Windo kulibe, bolodi kulibe, khomo lili mbali ina, ana ali yakaliyakali ngati nkhuku zachilendo.

Musalembe windo. Musalembe bolodi, desiki kapena khomo. Pamwamba pa tsamba lililonse jambulani bokosi, mulidule zigawo 6: 1, 2 ndi 3 kutsogolo kufupi ndi oonera, 4, 5 ndi 6 kumbuyo. Manambala omwewo alembeni ndi choko pansi poyeserera, mpaka ana awadziwe ndi mapazi. M'bukumo muzingoti "Chilembwe: achoke 5, apite 2." Mukafika pa siteji yachilendo, iyezeni ndi mapazi, muigawe chimodzimodzi. Ndipo mukalemba kumanja, ndi kumanja kwa wosewera akayang'ana oonera, osati kwa inu amene mwakhala pampando. Gwirizanani zimenezi tsiku loyamba.

Kenaka chochitika chilichonse chimangirireni pa liwu limodzi. "Ng'oma ilire chakumapeto" si malangizo. Ilire pa liwu liti? Lizungulizeni liwulo ndi pensulo, mukoke mzere ndi rula kufika kumanzere, mulembe "ng'oma tsopano." Mizere itatu pamwamba pake mulembe "ng'oma konzeka." Woyimba ng'oma amene sanachenjezedwe amachedwa, ndipo usiku wa kuukira kwa Chilembwe pa 23 Januwale 1915 umasanduka nthabwala, holo yonse kuseka. Ndibwerezenso: liwu limodzi, osati "chapamenepa."

Pali aphunzitsi amene amati ana aloweza kale, buku n'lachiyani. Nanga wosewera wamkulu akadzuka ndi malungo m'mawa wa mpikisano, wolowa m'malo mwake aphunzira kuchokera m'mutu mwa yani? Yesani bukulo sabata imodzi tsikulo lisanafike: mupatseni mwana wa Fomu 2 amene sanaonepo kuyeserera kwanu, ayendetse sewero lonse inu muli chete. Paliponse pamene wafunsa, pamenepo simunalembe.

Tsamba lomaliza likhale la katundu: Baibulo, chipewa, mikondo, nyali, chilichonse ndi dzina la wochinyamula popita ndi pobwera. Lembaniponso mphindi za gawo lililonse, poti oweruza amayang'ana wotchi. Ngati nyimbo ili m'foni yolumikiza ku sipika, pambali pake lembani mayina a ana amene aiyambe pakamwa magetsi akazima.