MAU ANAI A MASAMU OYENERA KUWADZIWA

Akhristu a ku Kapondo, monganso a m'midzi ina ya Mchinji, amadzimangira okha nyumba, nkhokwe ndi matchalitchi. Mau anai awa adzawathandiza kuti khoma lisapendeke, ndiponso kuti maganizo asakhote.

1. Ngodya yolungama. Ndiyo pokumana mizere iwiri monga mitengo iwiri ya mtanda. Madigiri ake ndi 90. Poyesa maziko, yesani mapazi 3 mbali ina, ndi mapazi 4 mbali inzake. Chingwe cholumikiza nsonga ziwirizo chikakwana mapazi 5, ngodya yalungama. Ili ndi lamulo lotchedwa la Pythagoras.

2. Mzere wozungulira. Ndiwo mzere umene ponseponse utalikira mofanana kuchokera pakati pake. Womanga nkhokwe akhoma chikhomo, namangapo chingwe, nazungulira nacho. Kuzungulira kwake kuposa pang'ono kutambalala kwake katatu: nkhokwe yotambalala mapazi 7 izungulira mapazi 22.

3. Mfundo yotsatira. Ndiyo mfundo yobadwa mwa mfundo ziwiri zoona. Anthu onse adzafa. Mfumu ndi munthu. Tsono mfumu idzafa. Maphunziro a kuganiza molongosoka otere adawalongosola Aristotle, ndipo ndi amodzi mwa maphunziro a ofuna unsembe, monga a ku Seminale ya Kachebere, imene idatsegulidwa m'chaka cha 1939. Koma chenjerani ndi mfundo yotembenuzidwa. Mvula ikagwa, pabwalo panyowa. Komabe pabwalo ponyowa sipatsimikiza mvula, kapena mai watayapo madzi. Chimodzimodzi munthu akadwala atakangana ndi mnzake, sindiye kuti walodzedwa. Ambiri osalakwa anamiziridwa ufiti chifukwa cha kuganiza kokhota kumeneku.

4. Mwai. Ndiwo muyeso wa kuthekera kwa chinthu chimene sichinachitike. Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat adayala maziko a masamu amenewa m'makalata ao a 1654, pokambirana za juga. Mukaponya ndalama yachitsulo, mbali iliyonse ili ndi mwai umodzi mwa iwiri. Ingakhale igwe mbali imodzi kasanu kotsatana, mwai sukusintha, pakuti ndalama siikumbukira kanthu. Wajuga amene ati, "Lero ndibweza zanga," adzinamiza, ndipo ndalama za mtedza zithera pomwepo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Aphunzitsi, Lamulungu likudzali, mapemphero atatha, tengani chingwe ndi zikhomo zitatu, muyese ngodya za tchalitchi chanu pamodzi ndi ana.