Kufufuza Cimene Cizimitsa Kompyuta Itaikidwa Cipangizo Catsopano

ZOLINGA

Pakutha pa phunziro ili, wophunzira uphunzitsi ayenera:

(a) kusiyanitsa mitundu itatu ya kuzima kwa kompyuta;
(b) kufufuza bvuto mwa dongosolo, posintha cinthu cimodzi pa nthawi imodzi;
(c) kudziwa nchito imene angacite yekha ndi imene ayenera kusiyira mmisiri.

MAU OYAMBA

Pa sukulu ya kumudzi mungapeze kompyuta imodzi yokha, ya pa tebulo, mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu. M'menemo ndimo musungidwa maina a ana, mamalikisi a mayeso ndi makalata opita ku ofesi ya maphunziro. Ikabvuta, mmisiri ali kutali ku boma, ndipo maso onse apenya mphunzitsi amene wangocoka ku koleji. Mphunzitsi ameneyo ndinu.

Tiyerekeze kuti kompyutayo inali kugwira nchito mocedwa cifukwa inali ndi RAM ya 4 GB yokha. RAM ndi malo amene kompyuta iyalapo nchito imene ili kucita pa nthawiyo, monga mwana ayala mabuku pa desiki. Desiki likacepa, nchito icedwa. Motero sukulu igula kathabwa kena ka RAM ka 4 GB, nikaikidwa. Tsiku loyamba zonse zithamanga bwino. Tsiku lacitatu kompyuta izima yokha muli pakati polemba mamalikisi, ndipo kwatsala mlungu umodzi kuti sukulu itseke.

Apa ambiri alakwa cifukwa ca mantha. Afafaniza Windows yonse, asintha nthambo, acotsa mapulogalamu, zonse madzulo amodzi. Kompyuta ikacira sadziwa cimene caiciritsa, ikapitiriza kuzima sadziwa cimene catsala kuyesa, ndipo nthawi zina mamalikisi apita pamodzi ndi Windows. Lamulo la phunziro lonseli ndi ili: bwererani pa cinthu cimene cinasinthidwa cotsiriza, sinthani cimodzi pa nthawi imodzi, ndipo lembani zimene mwaona. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

MITUNDU ITATU YA KUZIMA

1. Sikirini isanduka ya buluu, nionetsa mau, kenaka kompyuta iyambanso yokha. Kuyambira mu 2025 Windows 11 yatsopano ionetsa sikirini yakuda m'malo mwa ya buluu, koma tanthauzo lake ndi lomwelo. Kawirikawiri gwero lake ndi RAM kapena driver, ndiyo pulogalamu yaing'ono imene ilankhulitsa Windows ndi cipangizo.

2. Kompyuta iuma. Cithunzi ciima, ndipo mausi ndi kiyibodi sizimvera. Ganizirani RAM, disiki yosungira zinthu, kapena driver ya zithunzi.

3. Kompyuta izima mwadzidzidzi popanda mau, monga ngati munthu wazula nthambo. Apa yambani kukayikira magetsi kapena kutentha.

Izi ndi zizindikiro cabe. Zikuuzani poyambira kufufuza, koma sizigamula mlandu.

CENJEZO MUSANATSEGULE BOKOSI

Zimitsani kompyuta, zulani nthambo ku khoma, ndipo dinikizani batani loyatsira kwa masekondi 10 kuti magetsi otsalira athe. Gwirani citsulo ca bokosilo musanakhudze za m'kati. M'thupi mwa munthu mukhala timagetsi tija tithetheka pobvula juzi m'nyengo yozizira, ndipo timeneti tingaononge RAM inu osamva kanthu. Kathabwa kagwireni m'mbali, osati pa timano take tagolide.

M'kati muli kabokosi kacitsulo kamene nthambo ya ku khoma ilowamo, kochedwa power supply. Kameneka kalandira magetsi a mavoti 230 ndi kuwacepetsa. Musakatsegule ngakhale pang'ono, pakuti kasunga magetsi oopsa ngakhale nthambo itazulidwa. Ana asayandikire kompyuta yotsegula.

NJIRA YOFUFUZIRA

Coyamba: lembani. Tengani kope, lembani mizere inai: tsiku ndi nthawi, cimene munali kucita, mtundu wa kuzima, ndi mau amene anaoneka. Mau a pa sikirini akopereni monga momwe alili. MEMORY_MANAGEMENT ndi PAGE_FAULT_IN_NONPAGED_AREA kawirikawiri aloza ku RAM kapena driver. WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR atanthauza kuti cipangizo cina canena cokha kuti calakwa. Ngati mau anapita msanga, lembani liu lakuti reliability pa malo ofufuzira a Windows ndi kutsegula View reliability history. Mudzaona masiku onse amene kompyuta inazima. Funso lalikulu ndi ili: kodi kuzimako kunayamba cipangizo cisanaikidwe kapena citaikidwa?

Caciwiri: bwererani kumene munacokera. Cotsani kathabwa katsopano, musiye kakale pa malo ake. Mukayatsa, koperani mamalikisi ndi makalata onse pa fulashi musanacite cina ciri conse. Cifukwa cocotsera kathabwa poyamba n'cakuti zonse zokopedwa zidutsa mu RAM, ndipo RAM yodwala ingaononge zolembedwa mosaonekera. Tsopano gwirani nchito masiku awiri kapena atatu. Kompyuta ikaleka kuzima, bvuto likhudza kathabwa katsopano. Ikapitiriza, kathabwako kangakhale kosalakwa. Mwina dzanja linagwedeza nthambo kapena fani pa tsiku loikalo.

Cacitatu: onani ngati zipangizo zigwirizana. Werengani kapepala komatidwa pa timatabwa tonse tiwiri. RAM ili ndi mibadwo. Ya DDR3 ya kompyuta ya pa tebulo ili ndi timano 240, ya DDR4 ili ndi timano 288, ndipo malo ocekedwa m'munsi mwake ndi osiyana kuti ina isalowe mu mpata wa inzake. Kathabwa kakakana kulowa, musakakamize. Ngakhale mu mbadwo umodzi muli kusiyana: DDR3 wamba ifuna mavoti 1.5 pamene DDR3L ifuna 1.35. Timatabwa tosiyana liwiro kawirikawiri tiyendera liwiro la kocedwako, koma nthawi zina sitimvana konse. Buku la kompyutayo linena mtundu wa RAM imene ilola ndi kuculuka kwake. Dziwaninso kuti Windows ya 32-bit siitha kugwiritsa nchito RAM yopitirira 4 GB, ngakhale muikemo yambiri.

Cacinai: ikaninso bwino. Nthawi zambiri kathabwa kali bwino koma sikanakhale pansi mokwanira. Uzirani fumbi la mu mpata ndi kapampu ka mpweya, linganizani malo ocekedwa, ndipo kanikizani nsonga zonse ziwiri kufikira tizogwirira ta m'mbali titseke tokha. Ngati mipata ili inai, buku lidzakuuzani iwiri yoyenera kugwiritsa nchito pamodzi.

Cacisanu: yesani RAM. Dinikizani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani mdsched.exe, ndi kubvomera kuti kompyuta iyambenso. Idzadziyesa yokha. Mayeso ozama acitika ndi pulogalamu yochedwa MemTest86, imene iyambira pa fulashi popanda Windows, nibwereza mayeso ake kanai. Izi zingatenge maola angapo. Colakwa cimodzi cokha cikwanira kutsutsa RAM. Yesani motere, ndi kulemba zotsatira:

(i) kathabwa kakale kokha mu mpata woyamba;
(ii) kathabwa kakale kokha mu mpata waciwiri;
(iii) kathabwa katsopano kokha mu mpata woyamba;
(iv) kathabwa katsopano kokha mu mpata waciwiri;
(v) tonse tiwiri pamodzi.

Kathabwa katsopano kakalephera m'mipata yonse, ndiko koonongeka. Timatabwa tonse tikalephera mu mpata waciwiri wokha, mpatawo ndiwo woonongeka. Kali konse kakapambana pa kokha koma tilephera pamodzi, ndiye kuti sitigwirizana, ndipo mankhwala ake ndi kupeza tiwiri tofanana.

Cacisanu ndi cimodzi: onani BIOS, ndiyo pulogalamu imene iutsa kompyuta Windows isanayambe. Mulowamo podinikiza F2, F10 kapena Delete poyatsa, malinga ndi wopanga. Ngati woika RAM anayatsa XMP, imene ithamangitsa RAM koposa liwiro lake la masiku onse, izimitseni ndi kuyesanso. Kuika BIOS yatsopano ndi nchito ya mmisiri, cifukwa magetsi akazima nchitoyo ili pakati, kompyuta ingakane kuyakanso.

NGATI CIPANGIZO CATSOPANO SI RAM

Lamulo silisintha, koma pali zina zitatu zoyang'ana.

Driver. Kadi yatsopano ya zithunzi kapena ya intaneti ibwera ndi driver yake. Dinikizani Shift posankha Restart, ndipo tsatani njira yopita ku Safe Mode, m'mene Windows iyamba ndi madriver ofunikira okha. Kompyuta ikakhazikika m'menemo, kayikirani driver yatsopano. Icotseni mu Device Manager ndi kuika ina yocokera kwa wopanga cipangizoco.

Mphamvu. Makompyuta a m'maofesi a bokosi laling'ono ali ndi power supply yocepa, kawirikawiri ya mawati 180 kufikira 300. Mpata wa kadi ya zithunzi upereka mawati 75, ndipo kadi yaikulu ifuna nthambo yoonjezera, ya mabowo 6 yopereka mawati 75 kapena ya mabowo 8 yopereka 150. Kompyuta yozima pokhapokha mukaonetsa ana kanema kapena mukaipatsa nchito yolemetsa, ingakhale ikusowa mphamvu. Werengani mawati olembedwa pa kabokosiko, muyerekeze ndi amene kadi ifuna.

Kutentha. Purosesa ikayandikira madigiri 95 kufikira 100, icepetsa liwiro, ndipo kutentha kukapitirira kompyuta izima kuti idziteteze. Onani ngati mafani onse azungulira, ngati nthambo siinawakole, ndi ngati fumbi silinatseke mazenera a mpweya. Kompyuta imene ipirira mu Juni ingazime masana a Okutobala. Kope lanu lija lidzakuonetsani ngati kuzimako kukonda nthawi ya dzuwa.

Musaiwale magetsi a ku khoma. Mu 2024, pamene madzi anacepa m'dziwe la Kariba cifukwa ca cilala, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku m'Zambia, ndipo sukulu zina zidalira sola kapena jenereta. Magetsi obwera mogwedera azimitsa kompyuta yabwinobwino. Mu Event Viewer mungapeze mau akuti Kernel-Power 41. Ameneyo angonena kuti kompyuta inazima mosatsazika, sachula cifukwa. Ngati nyale za m'cipinda zinaphethira pa nthawi yomweyo, lembani zimenezo musanaimbe mlandu cipangizo catsopano.

POFUNIKA MMISIRI

Mukamva kununkha kwa cinthu copsa, mukaona utsi, kapena kompyuta ikakana kuyaka ngakhale mutabwezera zakale, zulani nthambo ndi kuitana mmisiri. Safunsa anadya phula. Mupatseni kope lanu, pakuti lidzafupikitsa nchito yake ndi kucepetsa ndalama zimene sukulu idzalipira. Kope lomwelo, pamodzi ndi lisiti, ndilo umboni wanu pobweza cipangizo kwa wogulitsa. Mau akuti "kompyuta ibvuta" angatsutsidwe, koma mau akuti "kathabwa aka kalephera m'mipata yonse iwiri pamene kakale kapambana" ndi obvuta kuwakana.

ZOCITA

1. M'magulu a anthu anai, ndi cilolezo ca mphunzitsi wanu, tsegulani kompyuta yakale yosalumikizidwa ku magetsi. Lozani RAM, fani ya purosesa ndi power supply. Ali yense acotse kathabwa ka RAM ndi kukabwezera.

2. Jambulani kope la mizere inai ndi kulembamo zitsanzo zitatu, cimodzi pa mtundu uli wonse wa kuzima.

3. Lembani kalata yaifupi kwa mphunzitsi wamkulu yofotokoza zimene mwapeza pa mayeso asanu a RAM, ndi cimene sukulu iyenera kucita.

MAFUNSO

1. N'cifukwa ciani tiyenera kucotsa kathabwa katsopano tisanakopere mamalikisi pa fulashi?

2. Pa mayeso asanu aja, (i) ndi (iii) apambana koma (ii) ndi (iv) alephera. Coonongeka n'ciani?

3. Kompyuta izima popanda mau tsiku liri lonse ca m'ma 14 koloko, koma m'mawa siizima. Mudzayamba kuyang'ana ciani, ndipo cifukwa ciani?

4. Mnzanu afuna kufafaniza Windows yonse lero lomwe, mamalikisi asanakopedwe. Mudzamuyankha bwanji?