GASI AKAPHULIKA M'NYUMBA

Masiku ano anthu ena pa Chimbiya, makamaka a malesitilanti ndi okazinga tchipisi, ayamba kuphikira gasi m'malo mwa makala. Nzabwino ndithu, pakuti mitengo ya m'mapiri a Dedza ikutha. Koma nkofunika kudziwa chimene gasi achita ndi nyumba akaphulika.

Gasi wa m'mabotolo ngolemera kuposa mpweya. Akatuluka pobooka sakwera kudenga ayi, amadikha pansi monga madzi m'dambo. Akakwana magawo 2 kufikira 10 pa magawo 100 a mpweya wa m'chipinda, kamoto kakang'ono kamuyatsa. Pamenepo mpweya utentha, nufutukuka mwadzidzidzi, nukankha makoma, denga ndi zitseko nthawi imodzi.

Khoma la njerwa lilimba posenza katundu wochokera pamwamba, koma lifooka likakankhidwa cham'mbali. Tiyerekeze kuti mpweyawo ukankha ndi mphamvu ya makilogalamu 700 pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Khoma la mamita 3 m'litali ndi mamita 2.5 msinkhu lilandira makilogalamu 5,250, ndiwo matumba 105 a chimanga. Likagwa, denga limene linatsamira pamenepo ligwanso.

Zotere zinaoneka ku London pa 16 May 1968. M'nyumba ya nsanjika 22 yotchedwa Ronan Point, gasi anaphulika pa nsanjika ya 18 nakankhira kunja makoma ena. Zipinda za pamwamba zinasowa potsamira, zinagwera za pansi, ngodya yonse ya nyumbayo inagumuka, ndipo anthu anayi anafa. Chitachitika ichi, malamulo a zomangamanga ku Britain anasinthidwa kuti makoma ndi nsanjika zizilumikizidwa kolimba.

Tsono inu omanga, lumanitsani njerwa bwino pa ngodya, ndipo ikani mkombero wa simenti ndi zitsulo pamwamba pa makoma onse. Khitchini ikhale ndi zenera lalikulu, pakuti zenera liyamba kusweka, mphamvu nitulukira pomwepo, khoma nkupulumuka. Siyaninso mabowo a mpweya m'munsi mwa khoma, ndipo musawatseke ndi nsanza ngakhale kuzizire bwanji mu June ndi July.

Mukamva fungo la gasi, tsekani botolo, tsegulani zitseko, tulutsani ana. Musayatse machesi kapena kukhudza switchi ya magetsi. Pofuna kupeza pobooka pakani madzi a sopo pa paipi. Pamene patuluka thovu ndi pomwepo. Aphunzitsi, fotokozerani ana a sukulu zimenezi kuti akauze makolo awo.