Mneni "inflict": tanthauzo lake ndi kagwiritsidwe kake

Ambirife tinakumanapo ndi liwu lakuti "inflict" m'nyuzipepala za Chingerezi kapena m'mabuku a m'kalasi. Kumva timamva ndithu, koma polemba ndi pamene timapunthwa, ndipo malikisi amatayika pa kaliwu kamodzi. Tiyeni tiliunike bwino.

Tanthauzo lake

Liwuli linachokera ku Chilatini, "infligere", kutanthauza kumenyetsa chinthu pa chinzake. Mpaka lero ganizo la kumenya likadalimo. "To inflict" ndiko kugwetsera wina chinthu chowawa chimene iye sanachifune, monga ululu, bala, chilango kapena chiwonongeko. N'chifukwa chake mneniyu sayenda ndi zinthu zabwino monga chimwemwe kapena mtendere.

Kamangidwe ka chiganizo

Apa ndiye pagona nkhani. Chimene chimatsatira mneniyu ndi chowawacho, osati munthu wopwetekedwayo. Munthuyo, kapena malowo, amabwera pambuyo pa mperekezi "on" kapena "upon". Taonani chitsanzo ichi:

"Cyclone Freddy inflicted severe damage on southern Malawi in March 2023."

Chiganizochi chikunena kuti namondwe wa Freddy anawononga kwambiri chigawo chakummwera kwa Malawi mu Malichi 2023. Dongosolo lake ndi ili: wochita, mneni, chowawa, "on", kenako wolandira chowawacho.

Nanga timalakwa chifukwa chiyani? M'Chichewa timati "anamupweteka", ndipo wopwetekedwayo ali m'kati mwa mneni momwemo. Tikatengera kaganizidwe kameneka ku Chingerezi timalemba "He inflicted her", chomwe n'cholakwika. Tiyenera kulemba "He inflicted pain on her", kapena mwachidule "He hurt her".

"Inflict" ndi "afflict"

Aneni awiriwa ndi apachibale, pamodzi ndi "conflict", pakuti onse anaphuka pa tsinde limodzi la Chilatini lotanthauza kumenya. Koma sayenda mofanana. Pambuyo pa "afflict" pamabwera munthu wovutikayo, ndipo kawirikawiri chomuvutitsa chimakhala matenda, njala kapena umphawi: "Malaria afflicts many children." Tinganenenso kuti "Many children are afflicted with malaria." Choncho tisanalembe tizidzifunsa: kodi liwu lotsatira ndi munthu kapena ndi chowawa? Ngati ndi munthu, tilembe "afflict". Ngati ndi chowawa, tilembe "inflict".

Pa moyo wa tsiku ndi tsiku

Olemba nkhani zamasewera amakonda kunena kuti timu ina "inflicted a heavy defeat on" timu inzake, kutanthauza kuti yaichinya zigoli zambiri. Palinso mfotokozi "self-inflicted", wonena za vuto lodzipalira wekha, monga la wophunzira amene wayamba kuwerenga mayeso ali mawa. Nthawi zina liwuli limanenedwa mwanthabwala. Mnzathu wa mawu osasa akati "I will not inflict my singing on you", akutanthauza kuti sakufuna kutizunza ndi kuimba kwake.

Tikumbukirenso kuti "inflict" ndi liwu lolemera, loyenera m'chimangirizo kapena mu lipoti. Pocheza timangoti "hurt". Pa katundu timati "damage", ndipo pa thupi lovulala pangozi timati "injure". Amene timamasulira kutchalitchi tisakakamire liwu limodzi la Chichewa. Tizimvera chowawa chimene chatchulidwa, n'kusankha pakati pa kupweteka, kulanga, kuzunza kapena kuwononga.

Tiyeserere

Konzani ziganizo izi musanayang'ane mayankho:

1. The drought inflicted the farmers.
2. The judge afflicted a heavy fine on him.

Choyamba chikhale "The drought afflicted the farmers", pakuti alimi ndi anthu. Chachiwiri chikhale "The judge inflicted a heavy fine on him", pakuti chindapusa ndi chowawa. Tsopano lembani ziganizo zanu zitatu, mupatse mnzanu wa m'chipinda kuti akuchongereni.