Kulembetsa Dzina Sikuphunzira

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake Muhammad.

Abale ndi alongo olemekezeka, lero tilingalire za ana athu amene achoka kuno ku Meponda kukachita maphunziro apamwamba ku Universidade Rovuma mumzinda wa Lichinga, kapena ku Unango kumene UniLúrio imaphunzitsa zaulimi. Ambiri mwa ife tagulitsa usipa ndi chimanga kuti anawa alembetse. Koma thukuta lathu limapita pachabe ngati mpando wawo m'kalasi ukhala wopanda munthu.

Akuluakulu a maphunziro a Chisilamu ankaidziwa nkhaniyi. Ku Damascus, m'zaka za m'ma 1200, buku la Hadith likawerengedwa pamaso pa shehe, mlembi ankalemba mayina a onse amene anamvetsera, nkusonyezanso amene anaphonya gawo lina. Munthu ankadalirika pa zimene wamva ndi makutu ake.

Ofufuza a masiku ano apeza zofanana. Mu 2010, Marcus Credé ndi anzake atasonkhanitsa kafukufuku wambiri wa m'mayunivesite, anaona kuti kupezeka m'kalasi kumalosera zotsatira za wophunzira kuposa ngakhale mmene anakhozera ku sekondale. Mu 2014, Scott Freeman ndi anzake anaunika kafukufuku wokwana 225 wa maphunziro a sayansi ndi masamu. Kumene mphunzitsi ankangolankhula yekha, ophunzira pafupifupi 34 pa 100 alionse ankalephera; kumene ophunzira ankakambirana ndi kuyankha mafunso m'kalasi momwemo, olephera anali pafupifupi 22.

Chifukwa chake nchosavuta kumva. Wophunzira akayesa kuyankha nkulakwitsa, amakonzedwa pomwepo, cholakwacho chisanazike mizu. Akafotokozera mnzake, amazindikira pamene iye mwini sanamvetse. Zolemba za mnzako ungazijambule pa foni, koma zokambiranazo sizijambulika. Ndiponso wokhala kumbuyo ali duu, maso pa WhatsApp, wabweretsa thupi lokha.

Tsono ife makolo tidzifunse. Kangati tamuitana mwana pakati pa sabata kuti adzathandize kukolola kapena kuyang'anira ngalawa? Ulendo wa chapa wochoka ku Lichinga kudzafika kunyanja kuno ndi kubwerera umamudyera tsiku la maphunziro, nthawi zina awiri. Pokhapokha pagwe zovuta zenizeni, ntchitozo tizigawane tokha, iye abwere pa tchuthi. Tikamuimbira foni, tisamangofunsa za mayeso. Tifunsenso ngati sabata ino wapezeka m'makalasi onse, ndi funso limene wafunsa mphunzitsi.

Inunso ophunzira, khalani kutsogolo, fikani mutawerenga, ndipo musachite manyazi ndi Chipwitikizi chanu. Lilime limawongoka polankhula. Ndalama za makolo anu ndi amana, chinthu chimene mwasungitsidwa, ndipo mudzafunsidwa za icho.

Tikupempha Allah awaonjezere ana athu maphunziro opindulitsa, ndipo atipatse ife kupirira powadikira. Ameen.