Galimoto Yanu: Za Mpweya, Fumbi ndi Petulo

Muulutsi: Tiyambe ndi kalata ya bambo ena a ku Luchenza. Anagula kachitsulo kopindikapindika koika m'paipi ya mpweya. Wogulitsa anati kamapota mpweya kuti petulo azipsa yense. Kodi kamathandiza?

Amakaniko: Kachotseni, bambo. Bungwe la boma la America loona za chilengedwe, EPA, linayesa zipangizo zoposa 100 zomwe eni ake ankati zimapulumutsa mafuta, koma silinapeze chothandiza kwenikweni. Ndipo kakathyoka, tizidutswa take tikathera mu injini.

Muulutsi: Iyi yachokera ku Area 25, kwa achimwene oyendetsa Sienta ya matola. Akuti mafuta awapweteka. Anzawo pa siteji akuti achotse bokosi la eya kilina, aike fyuluta yosongoka ija imakhala pamtunda. Ena akuti angochotseratu fyuluta kuti injini izipuma bwino.

Amakaniko: Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanagwire sipanala. Nkhani imeneyi ndimaikamba sabata ndi sabata, ndipo ndiikambanso.

Sienta yanuyo ili ndi kompyuta. Pakamwa pa injini pali sensa yoyeza mpweya wolowa, ku ekizozi kulinso ina yonunkhiza utsi. Kompyuta imafuna kuti pa kilogalamu imodzi ya petulo pakhale makilogalamu 14.7 a mpweya. Mukaonjezera mpweya, nayo imaonjezera petulo, simungaipusitse. Komanso mukamayenda m'tauni, chotchinga mpweya si fyuluta ayi. Ndi kachitseko kamene kamatseguka mukaponda moto, ndipo nthawi zambiri kamakhala kongotseguka pang'ono. Ndiye kuti amene akulamula mafuta ndi phazi lanu lakumanjalo. Chomwe fyuluta yosongoka imakupatsani ndi phokoso. Injini imabangula, inu n'kukomedwa, n'kumaponda kwambiri kuti anthu pa siteji acheuke. Petulo uyo wapita!

Bokosi limene mukufuna kutayalo a Toyota sanaliike mwangozi. Paipi yake imakoka mpweya wozizirirapo kutsogolo, pamene yosongokayo imameza wotentha wa m'boneti. Ena mwa mafyuluta osongokawa amapakidwa oilo, oiloyo n'kukamata sensa, kompyuta n'kuyamba kulandira mabodza. Ena amatsitsira paipi kumunsi kwa bampala. Dikirani Januwale, mudzalowe m'chithaphwi. Madzi safinyika ngati mpweya; akalowa mu silinda, ndodo ya pisitoni imapindika pomwepo.

Koma chondiwawa ine ndi ichi cha kuchotseratu fyuluta. Abale anga, kuno ndi ku Malawi. Galimoto izi zinkayenda pa tala ku Japan, ife tikuzilowetsa m'misewu yafumbi mu Okutobala, pambuyo pa lole ya fodya kapena ya mchenga, osaona ngakhale kutsogolo. Kuti lita imodzi ya petulo ipse, injini imameza mpweya pafupifupi malita 9,000. Taganizani fumbi lili mmenemo! Likasakanizika ndi oilo limagwira ntchito ya mchenga umene amayi amakwechera mapoto. Limadya maring'i, limadya silinda, pang'onopang'ono, inu mukusangalala kuti galimoto yapepuka.

Kugalaja kwathu kunabwera Probox yonyamula tomato kumidzi. Utsi wabuluu tolotolo, oilo akuthiramo m'mawa uliwonse ngati petulo. Nditatsegula bokosi ndinapeza mulibe kanthu, m'paipi muli dothi lofiira loti n'kulemba dzina ndi chala. Mwini wake, bambo aulemu wawo, anangogwira m'mutu, chifukwa ndalama yophwasulira injini ikanagula mafyuluta odzaza thumba. Dalaivala amene anachotsa fyulutayo sanachite mwankhanza, anangomvera za pa siteji. Ndipo inu eni galimoto, muli ndi mlandu. Mukamuuza mnyamata kuti madzulo abwere ndi ndalama yakutiyakuti, mafuta adzionera yekha, mukuganiza kuti apanga chiyani? Tsegulani boneti kamodzi pa sabata. Timakilipi ta bokosi lija safuna makaniko.

Chinanso, lekani kupopera fyuluta ndi kompuresa yamphamvu kwa okonza matayala. Ndi pepala lija. Limabooka timabowo tosaoneka ndi maso, fumbi n'kumangodutsa. Igogodeni pang'ono, muiyang'anitse kudzuwa. Ngati kuwala sikukudutsa, gulani ina, ndipo muonetsetse kuti labala wa m'mphepete wakhala bwino.

Muulutsi: Nthawi yatithera, koma agogo ena a ku Rumphi ali ndi pikapu yakale ya kabureta. Akuti ikutulutsa utsi wakuda, ikumwanso kwambiri.

Amakaniko: Eya, agogo, yanuyo ndiye fyuluta yakuda imaimwetsadi mafuta, poti ilibe kompyuta yochepetsa petulo mpweya ukachepa. Galimoto ya kompyuta imangofooka pamtunda, kamwedwe sikasintha kwambiri. Sinthani fyuluta, muonenso ngati choko sichikukanirira.

Muulutsi: Mayi a ku Zomba akuti Vitz yawo yayamba kumwa chisinthireni matayala.

Amakaniko: Mayi, kayezetseni mpweya m'mawa matayala asanatenthe. Mlingo wake unalembedwa pa kapepala kali pa felemu ya chitseko cha dalaivala. Zikapitirira, mutilemberenso kukula kwa matayala amene anakuikiraniwo.